Mapeyala Awiri Pansi pa Beseni

Ndinayamba kudandaula Lolemba loyamba la mwezi wa Juni, chaka chimene ndinapuma pa ntchito ya boma. Dandaulo lachiwiri linatsatira mu Ogasiti, lachitatu mvula isanagwe. Makope ake onse ndili nawo, oboola bwino, omanga ndi kachingwe kobiriwira monga tinkachitira ku Capital Hill, kumene ndinakalambira mu ofesi yosunga makalata. Munthu amene wathera moyo wake akudinda mapepala a eni sasiya khalidwelo chifukwa choti amupatsa wotchi ya pakhoma n'kumuuza kuti akapume.

Dandaulo langa linali lakuti ndine nkhoswe, koma sindinkaitanidwa.

Mwana wa mlongo wanga atapeza mbeta, abale anasankha ine, malume ake, kuti ndikhale nkhoswe ya kuchimuna. Kuchikazi anasankha azakhali a mkaziyo, mayi wogulitsa zitenje ku Old Town. Tsiku la chinkhoswe tinasinthana tambala ndi msoti, ndipo tinauza awiriwo pamaso pa khamu kuti kukabuka kanthu m'nyumba asathamangire kwina, abwere kwa ife. Pulogalamu ya tsikulo ndinaisunga. Ndinagulanso fayilo yatsopano, n'kulemba pachikuto ndi zilembo zikuluzikulu kuti BANJA, ndipo ndinayamba kudikira.

Zaka zinapita. Kunabadwa mtsikana, kenako mnyamata, ndipo banjalo linasamukira ku Area 12, m'nyumba ya mpanda wautali wa njerwa ndi geti lachitsulo. Fayilo yanga inakhalabe yopyapyala. Munthu wanzeru akanathokoza Mulungu, koma ine ndinkaona ngati andiiwala dala.

Tsiku lina ndinapita ku Old Town kukagula loko ku sitolo ya amwenye, ndipo pobwerera ndinadutsira pa benchi ya nkhoswe inzanga ija.

"Anzanga ankhoswe," anatero akupinda chitenje, "mwamva za ana athu aja? Mtengwa wanu amukweza pa ntchito, koma udindowo uli ku Blantyre. Iye akufuna kupita, mwana wanu akukana. M'nyumba muja mwatentha."

"Mwamva liti?"

"Aa, ndi kale. Amandiimbira."

"Amakuimbirani inuyo?"

"Nanga foni ntchito yake n'chiyani?"

Sindinafunse kuti mkanganowo wafika pati. Sindinafunsenso za ana. Chimene chinandibaya chinali chakuti ine, nkhoswe ya kuchimuna, nkhani ya m'banja langa ndinaimvera pamsika, nditanyamula loko m'manja. Nditafika kunyumba kwathu ku Area 14 ndinakhala pansi n'kulemba masamba awiri, kukumbutsa mwana wa mlongo wanga za njira yoyenera yodutsitsira madandaulo a m'banja. Yankho lake linabwera pa foni, ndipo linali kachithunzi ka chala chachikulu choloza kumwamba. Ndinafunsa akazi anga kuti chala ndichisunga bwanji m'fayilo.

"Booleni foniyo," anatero, osasiya n'komwe kusankha nyemba.

Dandaulo lachiwiri linali la ana. Kuyambira nthawi imeneyo galimoto inkaima pa geti lathu pafupifupi Loweruka lililonse m'mawa, ana n'kutsika ndi kachikwama, galimoto n'kutembenuka tisanapatsane moni wokwanira. Nthawi zina woyendetsa anali bambo wawo, nthawi zina mayi wawo, koma awiriwo pamodzi ayi. Ana sindinkawakana, ndi adzukulu anga. Chimene ndinkafuna ndi kudziwitsidwa nthawi ilipo, ndipo ndinalemba choncho.

Mtsikanayo anali Sitandade 6. Akangofika ankalowa kukhitchini n'kuyamba kutsuka mbale, ngakhale zotsukatsuka. Ankapukuta tebulo, kuyala bwino nsalu za pamipando, kuika nsapato zanga pamzere. Ndinamuyamikira kwambiri, mpaka ndinauza akazi anga kuti mwana uyu watengera ine. Panali kanthu kena kamene ndinakaona koma osakaganizira. Ine ndi akazi anga makutu anayamba kutivuta, choncho tikamakambirana za mchere kapena za wailesi, wodutsa pamsewu angaganize kuti tikuthetsa banja. Mawu athu akangokwera, mtsikanayo ankatulukira ndi thireyi ya tiyi amene palibe anamupempha.

"Agogo aamuna, shuga angati? Agogo aakazi, ndikuthirireni mkaka?"

Ankaima pakati pathu, maso akuyenda kuchokera pa nkhope yanga kupita pa ya agogo ake aakazi, mpaka titseke pakamwa ndi kapu. Loweruka lina ndinamwa tiyi wambiri moti madzulo ake ndinangokhalira ulendo wa kuchimbudzi.

Mnyamatayo, wa Sitandade 2, anali ndi lake vuto. Ankadya pang'ono, n'kugwira pamimba, n'kukagona kuseri kwa sofa. Ine, amene sindinaphunzirepo za udokotala ngakhale tsiku limodzi, ndinagamula kuti ndi njoka za m'mimba, ndipo ndinaika mfundoyo ngati ndime yomaliza ya kalata yanga. Makolo ake anamupititsa kuchipatala. Njoka sizinapezeke. Ndinati makina a masiku ano sakhulupirika.

Ndiyenera kunena pano kuti ifenso kumudzi makolo athu ankakangana, ndipo mawu a mayi anga ankamveka mpaka kudimba. Koma nyumba zinali zoyandikana. Phokoso likangoyamba, ife ana tinkadumpha khonde n'kukalowa kwa azakhali, kumene tinkapeza mbatata ndi anzathu. Pasanapite nthawi wina ankafika pakhomo pathu ndi odi wake, kunamizira kubwereka nkhwangwa, ndipo mkangano unkachita manyazi. Ku Area 12 mwana angathawire kuti? Mpanda ndi wautali, pamwamba pake pali waya waminga, geti ndi lokhoma, ndipo woyandikana naye nyumba umangomudziwa mtundu wa galimoto. Zonsezi ndikuziona lero. Nthawi imeneyo ndinkangoona kuti sanandidziwitse.

Nditalemba dandaulo lachitatu, mwana wa mlongo wanga anagonja. Anaimba foni n'kunena kuti, "Malume, bwerani Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, azakhali abweranso." Ndinasita jekete langa lakuda ndekha. Ndinakonza ajenda ya mfundo zisanu: pemphero, opepesa, kuwerenga makalata am'mbuyo, nkhani ya ku Blantyre, ndi zina ndi zina. Akazi anga anafunsa kuti opepesa akhala ndani pa msonkhano wa anthu anayi amene onse alipo. Ndinawauza kuti za ofesi sazidziwa.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Tinakhala pabalaza, mwamuna ku mpando uku, mkazi ku mpando uko, pakati pawo tebulo lagalasi. Ana anali atakhala pansi pafupi ndi khomo, mtsikana atagwira mkono wa mlongo wake. Apa ndiye ndinagwira ntchito yanga yoyamba monga nkhoswe. Ndinakweza chala n'kunena mokhathamira kuti, "Ana tulukani. Izi ndi za akuluakulu."

Ndiwo mwambo wake, ndipo palibe anatsutsa. Anatuluka mwakachetechete.

Mfundo yachitatu inatenga nthawi, chifukwa makalata anga ndinawawerenga onse, osadumpha ndime. Azakhali anasinza. Titafika pa nkhani ya ku Blantyre, zinthu zinandipulumuka.

"Malume, awawa akukonda ntchito kuposa banja."

"Azakhali, akanakwezedwa iwowa bwenzi katundu ali kale pa lole. Koma poti ndine, akuti ndikukonda ntchito."

"Ana asinthe sukulu pakati pa chaka chifukwa cha iwe?"

"Lero wadziwa sukulu ya ana? Aphunzitsi awo ungawaloze?"

Ndinapempha kuti aliyense azilankhula kudzera kwa wapampando. Palibe anamva. Ndinagogoda kapu ndi supuni. Mawu anakwererabe, anafukula za chaka chatha, za ukwati wa msuweni, za amene anaiwala kukatenga ana tsiku lina la mvula. Potsiriza ndinaimirira n'kufuula mawu amene anandipulumutsa nthawi zambiri ku Capital Hill: "Nkhaniyi iunikidwa pa msonkhano wina!" Ndinatseka fayilo, azakhali anatseka ndi pemphero.

Potuluka ndinafuna kutsanzika adzukulu, koma pabwalo panalibe munthu. Ndinawapeza m'galaja, atakhala m'galimoto ku mpando wam'mbuyo, mawindo onse otseka. Mtsikana ankawerengera mlongo wake buku la sukulu mokweza kwambiri, ngati akuwerengera kalasi yonse. Onse awiri anali thukuta kamukamu. Ndinatsegula chitseko n'kuwakalipira kuti kutentha kotere munthu amakomoka, ndipo galimoto si malo osewerera. Mtsikana anati, "Pepani agogo." Ndinapita kunyumba n'kukalemba maminitsi a msonkhano, masamba atatu, ndipo ndinagona ndikudziona kuti ndagwira ntchito.

Loweruka lotsatira ana anabweranso. Kuseri kwa nyumba yathu kuli kachipinda kamene kanali kosungiramo makasu, koma ine ndimakatcha ofesi. Windo lake lili moyang'anana ndi mtengo wa mapeyala. Ndili m'menemo ndikufunafuna magalasi anga akale, ndinamva mawu anga enieni akuchokera pansi pa mtengowo.

"Ana tulukani. Izi ndi za akuluakulu."

Ndinasuzumira. Adzukulu anga ankasewera masanje. Mnyamata anali atakhala pa chidebe, magalasi anga ali pamphuno, fayilo yanga ina yopanda kanthu ili pamiyendo, chala chili m'mwamba. Kukhosomola kwanga anakutengera ndendende. Pa mphasa panali mapeyala awiri, lina lalikulu, lina laling'ono. Atalamula kuti ana atuluke, mtsikana anatenga mapeyalawo n'kuwavundikira ndi beseni lochapira.

Poti osewera anali awiri okha, mtsikana ankakhala mayi ndi bambo yemwe. Akaima mbali iyi ya mphasa ankagwira m'chiuno, akadumphira mbali inayo ankapinda manja pachifuwa n'kukulitsa mawu.

"Ndikupita, ufune usafune!"

"Pita! Koma mwana wanga wamwamuna sachoka pano."

"Chabwino. Ine nditenga wamkaziyu. Tione ngati udziwe kuchapa yunifolomu."

Mawu amenewa pa msonkhano wathu sananenedwe. Anawamva tsiku lina, kapena masiku ambiri, chifukwa ankawatchula mosadodoma ngati vesi loloweza. Kenako anavundukula beseni, natenga peyala lalikulu kukaliika kumapeto kwa mphasa, laling'ono n'kulikankhira kumapeto enawo.

Mnyamata anatsitsa chala.

"Achemwali, tinapanganatu kuti lero sitigawa."

"Ndi masewera chabe, iwe."

"Ngakhale. Bwezerani."

"Ndiye ankhoswe anene kanthu. Nena, si ndiwe ankhoswe?"

Mnyamata anakankhira magalasi m'mwamba, natsegula fayilo, nayang'anamo nthawi yaitali. Kenako anakhosomola n'kunena ndi mawu aang'ono kuti, "Nkhaniyi iunikidwa pa msonkhano wina."

Ndikanakonda kulemba kuti ndinatuluka ndi mtima wachifundo. Zoona zake n'zakuti ndinatuluka kukalanditsa magalasi ndi fayilo, chifukwa katundu wa mu ofesi satuluka popanda chilolezo. Ndinafika pamphasa nditakonza kale mawu. Mnyamata anavula magalasi msangamsanga. Koma mtsikana sanapepese monga mwa masiku onse, ndipo sanathamangire tiyi. Anandiyang'ana m'maso.

"Agogo, inu ndinu ankhoswe, mumalemba zonse. Tiuzeni. Apite ku Blantyre ndani, atsale ndani?"

"Zimenezo munazimva kuti? Si ndinakutulutsani?"

"Galaja ili kuseri kwa pabalaza. Tikatseka mawindo a galimoto mawu amachepa, koma satha."

"Ndiye mumalowamo nthawi zonse?"

"Adadi ndi amami akayamba. Ine ndimawerenga mokweza kuti uyu asamve. Koma amamva." Anayang'ana mlongo wake. "Ngati n'kotheka mukawauze kuti ine ndikhoza kupita kulikonse, bola tikhale limodzi. Uyu sadya ndikapanda kukhala naye pafupi. Ndipo mbale ndizitsuka ndine, asamakanganirane zimenezo."

Ndakhalapo pamaso pa mabwana aukali, a maudindo amene sindingawatchule pano, ndipo sindinasowepo chonena. Pamaso pa mwana wa Sitandade 6 ndinatsegula pakamwa, ndipo chimene chinatuluka, Mulungu andikhululukire, chinali chakuti, "Nkhaniyi ikuunikidwa."

Mnyamata anaphulika kuseka. "Mwamva achemwali? Ndinakuuzani kuti amatero!" Anaseka mpaka kugwa pa chidebe. Kanali koyamba kumumva akuseka chiyambire Juni, ndipo ankaseka ine. Mtsikana sanaseke. Anatola mapeyala aja n'kuwaika pamodzi pambali pa mphasa.

Akazi anga anamva zonse ali pakhomo la khitchini. Ana atalowa m'nyumba anandiyandikira.

"Mwadzionera kanema wanu?"

"Mwana uja alibe ulemu."

"Kukhosomolako ndiye anakhoza." Kenako anati, "Inenso ndine chitsiru. Miyezi yonseyi ndimakwiya chamumtima kuti mtsikanayu akubwereza mbale zanga poganiza kuti ndine wauve. Ndinatsala pang'ono kumuuza mayi ake."

Tinaima pamenepo nkhalamba ziwiri, wina wa njoka za m'mimba, wina wa mbale.

Mawa lake tinapempha kuti ana atsale kwathu tikaweruka kutchalitchi, ndipo ine ndinapita ku Area 12 osaitanidwa, osadziwitsa aliyense, chinthu chimene ndinadzudzulapo ena m'kalata. Fayilo ndinaisiya. Ndinanyamula beseni lochapira ndi mapeyala awiri aja. Mlonda wa pa geti anayang'ana jekete langa, nayang'ana beseni, koma anali munthu woleredwa bwino, sanafunse.

Ndinawapeza awiriwo m'zipinda zosiyana, ndipo ndinawaitanira pabalaza. Ndinaika mapeyala pa tebulo lagalasi lija n'kuwavundikira ndi beseni. Kenako ine, munthu wa imvi, wa mawondo olira, ndinagwira m'chiuno n'kunena kuti ndikupita ufune usafune. Ndinadumphira mbali inayo n'kupinda manja. Ndinanena zonse monga ndinazimvera, mpaka za yunifolomu. Ndinavundukula beseni, peyala lina uku, lina uko.

Poyamba mwana wa mlongo wanga ankaoneka ngati akuganiza zoimbira akazi anga kuti malume zawasokonekera. Nditafika pa kugawa, nkhope yake inasintha.

"Awa ndi masanje a ana anu," ndinatero. "Amasewera kwathu Loweruka. Wamng'onoyo amapempha kuti lero tisagawe."

"Koma malume, ife sitikangana pamaso pa ana," anatero mtengwa. "Timayamba tawatulutsa."

"Inenso ndinawatulutsa, mayi. Amakakhala m'galimoto, kuseri kwa khoma ili."

Onse awiri anatembenukira khomalo ngati akuliona koyamba.

"Zogawana anazo tinangonena ndi mkwiyo," anatero mwamunayo. "Palibe angachite zimenezo."

"Anawo munawauza kuti unali mkwiyo chabe?"

Mtengwa anatambasula dzanja, natenga peyala laling'ono lija n'kuligwira pamiyendo, misozi ikutsika. Mwamuna wake anayang'ana kunja pa windo. Ndinadikira kuti wina anene mawu oti ndikawalembe, koma sananene, ndipo cholembera ndinali nditachisiya m'fayilo. Anangolonjeza kuti akhala pansi ndi ana. Ndinatenga beseni langa, chifukwa akazi anga anali atandichenjeza kuti ndisabwere popanda ilo.

Papita milungu ingapo tsopano. Azakhali a ku Old Town akuti phokoso lachepa, ndipo ndavomereza kuti nkhani ndizimvera kwa iwo. Za ku Blantyre sizinagamulidwe. Loweruka lapitali galimoto inabwera ndi onse awiri kutsogolo, ngakhale kuti aliyense ankayang'ana windo lake. Koma nditamufunsa mtsikana ngati adadi ndi amami anena kanthu, anapukusa mutu n'kulowa kukhitchini. Mnyamata anasiyanso chakudya chake pakati. Ndikuganiza kuti makolowo akuchita manyazi, aliyense akudikira mnzake kuti ayambe, ndipo akuyesa kuti kukhala chete ndi yankho. Ine ndagwira ntchito m'boma, ndikudziwa mmene munthu amamvera pamene nkhani yake ikuunikidwa.

Choncho madandaulo anga atatu aja ndawachotsa. Asayankhidwe, ngakhale kuti makope ake ndisungabe. M'malo mwake, ine malume, nkhoswe ya kuchimuna, ndikupempha mwaulemu mwana wa mlongo wanga ndi mkazi wake kuti ayankhe funso limene mwana wawo anandifunsa pansi pa mtengo wa mapeyala. Za ntchito agamule mmene angagamulire, si za ine. Koma akhale pansi onse awiri pa mpando umodzi, aitane ana awo, ndipo ulendo uno pasapezeke wowatulutsa. Awauze ndi pakamwa pawo kuti kaya ndi Lilongwe kaya ndi Blantyre, mtsikana ndi mlongo wake sadzagawidwa, ndiponso kuti mkanganowu sunayambe chifukwa cha mbale. Ndikupempha kuti izi zichitike Loweruka likudzali lisanafike. Yankholo lisalembedwe, ndipo kope lake musanditumizire. Ndidzadziwa kuti laperekedwa ndikadzaona mbale ya mnyamatayo.